Woponya Mpira Amene Amalume Anamuona ndi Maso

Ndinayambitsa ndine. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa mpaka lero amalume akamafotokoza nkhaniyi amati anapusitsidwa ndi intaneti, ngati kuti intanetiyo ili ndi miyendo ndipo inatsika yokha masitepe a nyumba yathu ku Woodbridge, kuno ku Amereka. Ayi ndithu. Amene anatsika masitepewo ndine, pepala lili m'manja, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mutandibwezera tsiku lija, ndikhoza kutsikanso, mwinanso mothamanga.

Lamulungu lililonse masana, chipinda chathu chapansi, chimene kuno amati bezimenti, chinkasanduka bwalo la akatswiri a kiriketi. Akatswiriwo analipo atatu. Panali bambo anga, amene anaphunzira masewerawa pa wailesi ali ku Limbe. Panali amalume, alongo awo a amayi, oyendetsa takisi, amene anakhalapo ku Joni zaka zingapo ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Wachitatu anali mnzawo wa bambo wa ku Lusaka, wogwira nawo ntchito kunyumba yosamalira okalamba, amene tonse tinkangowatchula kuti a Zambia. Mwa atatuwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo chomenyera mpira chibadwire. Amalume akathamanga kuchokera pa takisi kufika pakhomo, ankayamba apempha madzi asanapereke moni.

Kwathu kulibe timu yosewera Tesiti, masewera aja a masiku asanu amene anthu akuluakulu amaima pakati kuti amwe tiyi, ndiye atatuwa anadzipatsa timu ya South Africa. Mipikisano yeniyeni sankaionera n'komwe. Ankadalira matepi a vidiyo amene msuweni wina ankatumiza patapita miyezi, ndi mapepala amene ine ndinkasindikiza pa kompyuta yathu, chifukwa bambo ankaopa kuigwira ngati njoka. Koma ntchito yawo yaikulu inali kusankha timu. Mayina khumi ndi limodzi ankalembedwa kuseri kwa katoni ya konifulekisi n'kumatidwa pakhoma. Palibe munthu wa ku South Africa amene anawerengapo katoniyo, koma mukanaona nkhope zawo mukanati ndege ikudikira pabwalo kuti inyamule chisankho chawo.

Pa omenya mpira ankagwirizana msanga. Nkhondo inali pa oponya aliwiro, amene iwo ankati mafasiti, malo atatu okha. Uyu wakalamba, bondo lake linatha. Uyu ali ndi liwiro koma mutu alibe. Uyu amaponya bwino kunyumba, akakwera ndege amasanduka nkhuku yonyowa. Mkangano unkaima pokhapokha nthawi ya swala ikakwana. Bambo ndi amalume ankakwera kumwamba, a Zambia n'kutsala akumaliza mtedza wa anthu onse.

Bwaloli linali ndi lamulo limodzi: amene anamuonapo wosewera ndi maso ake amaposa amene anangomva kapena kuwerenga. Lamulo limeneli analipanga ndi amalume, ndipo n'chifukwa chake cholembera chofiira cholembera mayina chinkakhala m'thumba la malaya awo. Mkangano ukafika povuta ankangotulutsa cholemberacho n'kufunsa kuti, "Alamu, munamuonapo ndi maso?" Bambo ankayang'ana kumbali. A Zambia ankakanda m'mutu. Amalume ankalemba dzina limene akufuna. Onse anawaona ndi maso, iwowo. Akanakhala kuti ananenadi zoona, ndiye kuti ku Joni kuja sanagwireko ntchito tsiku ndi limodzi lomwe. Cholembera chimenechi ankachikonda kuposa takisi yawo. Kunja kuno anali munthu wongouzidwa kuti khota kumanja, khota kumanzere, koma m'bezimenti mwathu mawu omaliza anali awo.

Tsiku lina ndinalakwitsa kutsegula pakamwa. Ndinali nditawerenga mapepala aja ndisanawapereke, ndiye ndinati fasiti wokondedwa wa amalume, mdala wina wa ndevu amene ankamuika pa katoni chaka ndi chaka, akuoneka kuti watha mphamvu.

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Alamu, pulinta yanu yayamba kulankhula?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, iwe ntchito yako ndi kudina batani," anapitiriza amalume. "Ana oleredwa ndi hambega inu mumadziwa chiyani? Kasewere zoponya mpira m'dengu zakozo. Zinthu izi zimafuna munthu amene anaona."

Chabwino, ndinatero mumtima. Tiwapatse china choti aone.

Lolemba lake ndinakhala pa kompyuta n'kulenga munthu. Ndinatenga tsamba lenileni la nkhani za kiriketi, ndinachotsa zonse zapakati, n'kulembamo zanga: mnyamata watsopano wa ku Durban, woponya ndi dzanja lamanzere, wamtali ngati mlongoti, amene omenya mpira akumuthawa. Dzina loyamba ndinabwereka kwa aphunzitsi anga a masamu. Lachiwiri ndinakopera pa chitseko cha makina ochapira zovala amene ali m'bezimenti momwemo, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa amalume. Chithunzi chinali cha mnzanga wa m'kalasi, mnyamata wakuda wa konkuno, wosewera basiketibo, amene kiriketi ankaiyesa dzina la kachilombo basi. Ndinamujambula atavala malaya oyera, n'kumuveka chipewa chobiriwira pa kompyuta. Chipewacho chinapendekeka ngati chikufuna kugwa, koma ndinadziwa anthu amene ndikuwaphikira.

Lamulungu ndinasakaniza pepalalo ndi ena n'kukakhala pa masitepe.

Anayamba kuliona ndi a Zambia. Analitembenuza uku ndi uku. "Awe, uyu ine sinimuziba. Achokera kuti manje?"

Bambo analandira pepalalo, anavala magalasi, anayang'ana amalume kaye kuti aone kumene mphepo ikulowera. Amalume analitenga, analiyang'ana nthawi yaitali. Pamenepo panali khomo lotseguka, liwu limodzi lokha, sindikumudziwa, nkhani ikanathera pompo. Koma munthu amene anamanga ufumu wake pa maso angatulukire khomo limenelo?

"Aaa, kamnyamata aka!" anafuula amalume, akumenya pepalalo ndi chala. "Kakula chonchi? Ndinakaona kali kusukulu, ku Durban komweko. Ndinauza anthu tsiku lomwelo kuti aka kadzapha munthu."

"Ba mudala, munachoka ku Joni liti imwe?" anafunsa a Zambia. "Uyu mwana sanali mu matewera?"

"Luso limaoneka mwana akadali wamng'ono, inu. Kungoti kwanu ku Lusaka mumadziwa mpira wamiyendo wokha."

Apa bambo anakonza kukhosi n'kunena kuti dzinali si lachilendo, akuganiza kuti analimvapo pa wailesi. Bambo anga enieni, ondibala. Dzina la makina amene amachapa malaya awo Loweruka lililonse. Ndinaluma kolala ya juzi kuti ndisaphulike.

Ndinkaganiza kuti zithera tsiku lomwelo, koma bodza langa linapeza wolilera. Mlungu wachiwiri ndinabweretsa pepala lina lonena kuti mnyamatayo wavulala chala. Amalume anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti vuto limeneli ndi la kubanja kwawo, bambo akenso anali ndi zala zofewa. Anali atakumanapo ndi bambo akewo tsopano. Anafotokozanso mmene mnyamatayo anathyolera pakati kamtengo kamodzi ka wiketi, timitengo titatu toima kumbuyo kwa womenya mpira, chidutswa n'kuuluka mpaka kukagwera pafupi ndi pamene iwo anakhala. Ine wolenga munthuyo sindinkadziwa zonsezi. Ndinkangophunzira nawo.

Mlungu wachitatu anafika atakwiya. Anati ananyamula m'takisi munthu wina wa ku Pakistan kuchokera ku Springfield, wodzitcha wokonda kiriketi, koma atamutchulira dzina la mnyamata wathu, munthuyo anati sanalimvepo. "Ndinamuuza kuti bwana, musamanamize anthu kuti mumatsata masewera. Mbuli zili ponseponse, alamu, zina zovala mataye."

Tsiku limenelo mkangano wa mafasiti unafika pachimake. Malo atatu, anthu anayi. A Zambia anakana kuti munthu amene sanaonekepo ngakhale pa tepi imodzi alowe mu Tesiti. Anati Tesiti si malo ophunzirira, tsiku lachinayi dzuwa likaswa mtengo pamafunika munthu wodziwa kupirira. Kunena zoona, ndi mawu okhawo anzeru amene ndinawamvapo m'chipinda chimenecho. Amalume anatulutsa cholembera chofiira.

"Munamuonapo ndi maso?"

"Awe."

"Ndiye khalani chete."

Anakhwatcha mdala wawo wa ndevu uja, amene anandinyozera ine chifukwa cha iye, n'kulemba dzina la aphunzitsi anga a masamu ndi makina ochapira. Anamatanso chithunzi chija pambali pa katoni.

Zinali zitapsa, zongofunika kuphula. Ndinauza mnzanga uja kuti Lamulungu lotsatira adzanditenge 3 koloko masana tikasewere basiketibo, ndipo amayi akadzamutsegulira adzangotsikira pansi. Sindinamuuze china chilichonse.

Anatsika masitepe akudunda mpira wake, mutu atauweramitsa kuopa denga. Anapereka moni wachizungu uja wopanda ulemu, wongokweza chibwano. Kenako anaona khoma.

"Hee, chithunzi changa chikutani apa? Chipewa ichi n'cha ndani?"

Bambo anayang'ana khoma, anayang'ana mnyamatayo, anavula magalasi, anawavalanso. A Zambia anaimirira pang'onopang'ono ngati munthu amene waitanidwa kukalandira mphatso. Anamugwira mnzangayo dzanja ndi manja awiri n'kumufunsa m'Chingelezi ngati chala chapola. Kenako analoza amalume.

"Ukuwakumbuka akuluwa? Anakuona ku Durban. Amadziwana ndi bambo ako."

"Durban ndi kuti? Ku Maryland?"

A Zambia anatola lalanje patebulo n'kumupatsa kuti atisonyeze mmene amathyolera wiketi. Mnzangayo anakweza mapewa, anapinda maondo, n'kuliponya m'mwamba mokhotetsa. Linakagwera bwinobwino m'basiketi ya zovala zakuda. Ndi dzanja lamanja.

Amalume anayesa kupalasa komaliza. "Anthu amafanana, inu. Padziko pano aliyense ali ndi womufanana naye."

"Zoona, amalume," ndinatero ine ndili pa masitepe. "Ngakhale mayina amafanana. Tatembenukani muwerenge pa makinawo."

Anatembenuka onse atatu. Dzina lija linali pamenepo, m'zilembo zasiliva, pamwamba pa batani la madzi otentha.

A Zambia anagwa pa kapeti. Sindikukokomeza, anagwadi, miyendo m'mwamba, akulira kuti, "Zala zofewa! Mayo ine, zala zofewa za kubanja!" Kukhitchini ndinamva amayi atsegula mpopi mwamphamvu, ndipo amayi anga amatsegula mpopi choncho akafuna kuti kuseka kwawo kusamveke. Amalume anaimirira, anafunafuna makiyi a takisi m'thumba la malaya, ndipo potulutsa makiyiwo cholembera chofiira chinagwera patebulo. Anachiyang'ana. Sanachitole. Anakwera masitepe osatsanzika, ine n'kuwapatsa njira mwaulemu wonse.

A Zambia atadzuka anapukuta misozi, anatola cholemberacho n'kuchiika m'thumba mwawo. Chili komweko mpaka pano. Lamulo la maso linafa tsiku lomwelo. Amalume anajomba milungu iwiri, wachitatu anabwera, poti Lamulungu angapitenso kuti? Masiku ano akangoyamba kuti "uyu ndinamu...", a Zambia amafunsa mokoma mtima kuti, "Ku Durban, ba mudala?" ndipo chiganizocho chimafera m'kamwa.

Mlandu wanga unazengedwa madzulo a tsiku lomwelo mnzanga atapita. Bambo anati ndachititsa manyazi alamu awo m'nyumba mwawo, pamaso pa mlendo wa dziko lina. Za wailesi yawo ija sanatchule, inenso sindinawakumbutse, ndili ndi nzeru pang'ono. Ndinangoti ine ndinanama kamodzi, papepala, koma amalume ananama milungu itatu, pamtima, popanda wowathandiza. Bambo anati mkulu sanama, amaiwala. Chigamulo chinali chakuti ndikagwade kwa amalume kupepesa, nditsuke takisi yawo Loweruka kanayi, ndipo ndisakhudze kompyuta mwezi wathunthu.

Kugwada ndinagwada, kapeti ya amalume ndi yofewa kuposa yathu. Za kompyuta zinatha pa masiku asanu ndi limodzi, chifukwa Lamulungu litafika akatswiri anapezeka alibe pepala ndi limodzi lomwe loti akanganirane, ndipo bambo anabwera okha kuchipinda kwanga kudzanena kuti chilangocho achiganiziranso. Takisi ndiye ndinaitsuka kanayi konse, ndikuimba mluzu, amalume ali pawindo ngati sakundiona. Loweruka lomaliza ndinapukuta bwino galasi lakutsogolo, mkati ndi kunja, kuti maso otchuka aja aziona bwino msewu. Kenako ndinatsitsa chotchingira dzuwa cha dalaivala, ndinalowetsamo chithunzi cha fasiti wathu ndi chipewa chake chopendekeka, n'kuchitsekanso.