Ndakatulo ya Bambo Ndinaisiyira Pamtsinje Wachiwiri

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene nandolo anatsika mtengo mpaka kutisiya manja ali m'khosi. Bambo sanandiletse. Anangoti, "Esinati, yamba watsiriza kuloweza ndakatulo ija." Ine ndinaseka, ndinati basi siidikira ndakatulo.

Bambo anafika kuno ku Chiringa pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Sukulu sanapiteko, koma anapeka ndakatulo ya Chilomwe yofotokoza ulendo wawo wonse: mudzi umene unatenthedwa, mitsinje imene anawoloka, mpaka pamtengo pamene anakwirira mkazi wawo woyamba ndi khanda lake. Ankafuna kuti mwana wawo mmodzi adzatsate mawuwo n'kukalambula mandawo. Achimwene anga ankati izo n'zachikale, ndiye katunduyo anagwera ine. Ndinanyamuka nditagwira mizere isanu ndi umodzi yokha.

Ku Joni ndinkachapa ndi kusita m'nyumba za anthu, wopanda wocheza naye. Lamlungu ndinkaimba foni kumudzi, ndipo bambo ankafuna azindipatsa mzere umodzi pafoni iliyonse. Koma mayunitsi sankachedwa kutha. Ndikafunsa za feteleza ndi za malata, ndinkati, "Bambo, zinazo sabata yamawa," n'kudula. Ndinachita zimenezi zaka zinayi, mtima osandigunda n'komwe.

Kenako eni dziko anatiukira alendofe. Ndinathawa ndi chitenje chimodzi, foni inatsala m'nyumba, ndipo ndinakakhala mutenti pabwalo la mpira. Masana anthu a ku Kongo ndi ku Burundi ankakhala pamthunzi n'kumalakatula za nkhondo za kwawo. Chiyankhulo chawo sindinkachimva, koma kamvekedwe kake kanali ka bambo. Tsiku lina nanenso ndinaimirira. Ndinalakatula mizere yanga ija, n'kuthera pamtsinje wachiwiri. Mayi wina wa ku Kongo, nditamumasulira, anandifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka, "Nanga atawoloka?" Ndinakhala pansi ndi manyazi, ndipo ndinalira. Ndinalumbira kuti ndikakafika kwathu ndikaloweza yonse.

Ndinabwera pabasi imene inatinyamula othawafe. Mayi anga anandichingamira panjira. "Abambo ako anafa ziwalo mwezi wathawu," anatero. "Tinkakuimbira, koma sunkapezeka."

Bambo ndinawapeza pakhonde atayang'ana kuphiri la Michesi, pakamwa patapotoka. Ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba ndakatulo ija. Dzanja lawo lamanzere linkagunda pabondo, mzere uliwonse kamodzi. Nditafika pamtsinje wachiwiri mizere yanga inandithera. Dzanja lija silinaime. Linapitiriza kugunda, iwo akundiyang'ana, milomo ikunjenjemera popanda mawu. Ndinawerenga: dzanjalo linagundanso kakhumi ndi kawiri, kenako linagona pabondo.

Ndafunsa mayi, achimwene, ndi nkhalamba zonse zimene zinawoloka nawo malire. Aliyense amati ankangoimva bambo akamalima, koma sanaigwire. Mizere khumi ndi iwiri imeneyo ndiyo njira ya kumanda kuja, ndipo mwini wake m'mawa uliwonse amandiyang'ana ndikamawasambitsa m'manja.