Fayilo Yomwe Ndinabisa

Chaka chomwe tinasonkhanitsa nkhani za mabanja omwe anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinali wolemba, ndipo za makina ankaziona mwana wa mlongo wanga. Iye amagwira ntchito ya makompyuta ku Lichinga. Ine ndimakhala kuno ku Cobue, tsidya lino la nyanja moyang'anana ndi chilumba cha Likoma, ndi laputopu ya Windows yomwe ndinachoka nayo kunyuzipepala komwe ndinkagwira ntchito.

Anandilembera kapulogalamu kakang'ono. Nkhani iliyonse inali ndi fayilo yake, zonse m'foda imodzi. Ndikadina, kapulogalamuko kankatola mafayilo a m'fodamo n'kuwalumikiza kukhala kabuku. Kwa ine kankatuluka masamba makumi anayi ndendende.

Nkhani imodzi siinayenera kulowa. Bambo wina wachikulire, msodzi, anandiuza kuti tsiku lothawira ku Likoma anaona mng'ono wake akuthamangira kugombe, koma bwato linali litadzaza, ndiye anapalasa osatembenuka. Mng'ono wakeyo ali moyo. Amakhala nyumba yachinayi kuchokera kwawo, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti a m'bwatomo sanamuone. Patatha sabata, bamboyo anabwera kudzandipempha kuti nkhaniyo ndiichotse. Ndinalonjeza.

Koma sindinafufute. Kunyuzipepala tinazolowera kuti nkhani yokanidwa umaiika pambali, suitaya. Ndinangoika chizindikiro choti fayiloyo ndi yobisika. Inasowa m'foda, kapulogalamu kanaidumpha, ine mtima m'malo. Ndinakopera foda yonse pafulashi, n'kupatsira dalaivala wa galimoto yopita ku Lichinga kuti mwana wa mlongo wanga akapereke kosindikiza.

Lachitatu m'mawa mwana wa mlongo wangayo anaimba foni. Anati wosindikiza akufunsa ngati awonjezere tsamba lopanda kanthu, popeza masamba makumi anayi ndi atatu sagawika bwino papepala. Ndinamuuza abwereze nambalayo. Anabwereza.

"Usapereke," ndinatero. "Werenga mitu ya nkhani, kuyambira pamwamba."

Anawerenga. Wachisanu ndi chiwiri unali wa bwato lija.

Anandifotokozera mwachidule. Atakonza zilembo za pachikuto, anayendetsanso kapulogalamuko pakompyuta yake, yomwe ndi ya Linux. Windows ikauzidwa kuti itole mafayilo onse, yobisika imaisiya. Linux chizindikiro chimenecho saichiwerengera. Kwa iyo fayilo yobisika ndi yomwe dzina lake layamba ndi kadontho. Lamulo lake linali lomwelo lakuti tola zonse, koma makina awiriwo anatola zosiyana.

Ndinafunsa ngati nkhaniyo waiwerenga. Anati wangoona mutu. Nanga wosindikiza? Anati ameneyo amawerenga masamba, osati mawu, ndipo mapepala ake anali asanafike n'komwe.

"Amalume, mukabisa chinthu muziuzako ine," anatero akuseka. "Simungavundikire nsomba ndi nsalu n'kumati mwaichotsa m'dengu."

Ndinamuuza kuti iyenso akanandichenjeza kuti makina ake ali ndi maso aatali chotere. Anavomera theka la mlanduwo.

Tsiku lomwelo anakonza kapulogalamuko. Kanasiya kutola chilichonse chopezeka m'foda. M'malo mwake ndinalemba mndandanda wa nkhani zololedwa, dzina limodzi pamzere uliwonse, ndipo kankatenga zokhazo, motsatira mndandandawo. Dzina likasowa fayilo yake, kankaima n'kudandaula. Tinayesa mbali zonse ziwiri tili pafoni. Kwa ine masamba makumi anayi, kwa iye makumi anayi.

Timabuku tinafika patatha masabata awiri, m'katoni yomangidwa ndi mphira, pamwamba pa matumba a mchere. Ndinatsegula pomwepo pamsewu, ndinatenga kamodzi n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Kenako ndinatenganso kena ka pansi pa katoni, kuti nditsimikize.

Msodzi uja ndinampeza akusoka ukonde, mng'ono wake atamugwirira mbali inayo. Ndinapereka kamodzi kwa aliyense. Wamkuluyo anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu pang'ono momutsimikizira. Wamng'onoyo anali kale pakati pa kabukuko, akudandaula kuti pachithunzi cha pagombe ndamujambula atatsinzina.