Ankanditcha Nkhutukumve

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene dzina langa loti Lufina linazimirira, mudzi wonse kwathu ku Mlonyeni n'kuyamba kunditcha Nkhutukumve. Inali nthawi ija sukulu itangokhala yaulere, ana tikudzaza pansi pa mtengo wa mango ngati nkhuku pa gaga. Ine ndinkakhala kumbuyo, n'kumangoona milomo ya aphunzitsi ikuyenda. Akandifunsa funso ndinkayankha zanga. Anzanga ankafa ndi phwete, ine n'kulandira ndodo.

Kunyumba zinali chimodzimodzi. Amayi akandituma mchere, ndinkabwera ndi machesi. "Mwano umenewu ndi wakuchimuna, kwathu kulibe," ankatero. Makutu anga ankatuluka mafinya kuyambira pamene ndinadwala chikuku, koma zimenezo sizinkadabwitsa munthu, poti ana ambiri ankatero. Amayi ankangopukutamo ndi nthenga ya nkhuku, nthawi zina n'kudonthezamo mafuta ophikira, basi.

Nditatopa ndi ndodo ndinasiya sukulu. Ndinkakhalira m'chigafa kuthandiza amalume kusoka fodya, ndipo kunena zoona ndinkasangalala, chifukwa fodya safunsa mafunso.

Tsiku lina kunabwera Mayi Zulu a ku ofesi yoona za ana ku boma, amene ankayendera ana osiya sukulu. Anali mayi wamfupi, wosaseka chisawawa, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza chifukwa cha njinga yamoto. Amayi anawayalira mphasa n'kuyamba kudandaula.

"Uyu ndiye musavutike naye, amayi. Samva."

"Samva bwanji?" anafunsa Mayi Zulu. "Amakana, kapena mawu samufika?"

Mlendoyo anandikhazika pansi chomufulatira, n'kuima kumbuyo kwanga chakumanzere. Zotsatirazo ndinachita kuuzidwa pambuyo pake. Akuti ananditchula dzina motsitsa mawu, n'kunena kuti nditenge siwiti. Ine phee, maso ali pa mbuzi. Atasendera kumanja n'kubwereza, ndinatembenuka msangamsanga dzanja lili kale m'mwamba.

"Mwana wamwano sakana siwiti," anatero. "Amake Lufina, mawa lomweli mupite naye kuchipatala. Musadikire kuti mugulitse kaye fodya."

Amayi anabwereka njinga ya amalume, ine pakaliyala. Adokotala anandiunika ndi katochi, n'kupukusa mutu. Khutu lamanzere linali litafa kale. Lamanja linali litayamba kuwonongeka, koma mankhwala akanatha kulipulumutsa. Anati tikadabwera mafinya atangoyamba, onse awiri akadachira. Pobwerera, titafika pa kamlatho ka pafupi ndi kwathu, amayi anatsika njinga, n'kundigwira mutu ndi manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe. Ndinali ndisanawaonepo akulira kupatula pamaliro, ndipo ndinachita mantha kuposa pamene ankanditengera ndodo.

Mayi Zulu sanalekere pomwepo. Anapita kusukulu kukapempha kuti ndibwerere n'kumakhala kutsogolo, khutu lamoyo litaloza kwa aphunzitsi. Aphunzitsiwo sanali oipa, kungoti ana tinawachulukira. Chaka chimenecho ndinakhoza mayeso koyamba. Dzina lija lokha ndi limene linachedwa kuchoka, poti mayina achipongwe amakakamira ngati nkhupakupa.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo mpaka pano m'tchalitchi ndimachita kusankha mbali yokhala. Nthawi zina ndimapsa mtima ndikaganiza kuti khutu lathunthu linapita chifukwa chosowa mankhwala ongodontheza. Koma amayi sindiwakwiyira. Anachita zimene ankadziwa, ndipo panalibe wowauza zina. Chimene ndazindikira n'chakuti nanenso sindikanatha kudandaula. Ndinkayesa kuti anthu onse amamva choncho, kungoti anzanga ndi anzeru kuposa ine. Mwana wotere sangapite yekha kukapempha thandizo, chifukwa sadziwa kuti akusowa kanthu. Pamafunika wina achite kubwera kudzamufunafuna, ndipo abwere makutu akadali awiri.