Chiperoni Sichilipira Pageti

Ee, ntchito inandipeza ine ndili pa siteji ya Luchenza, ndikugulitsa nthochi, imvi zili mbuu! Anabwera pa kabaza a Nakoma, kapitawo wathu wakale wa ku esiteti ya tiyi. Akuti, "Anamaona, manja aja akadalipo?" Ndikuti alipo, msana ndi umene unapita. Akuti, "Msana sitikuufuna. Kukubwera alendo odzaona tiyi, tikufuna wowaonetsa katcholedwe."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma taonani, ndakhala mphunzitsi wa azungu! Ndimawamanga pulasitiki m'chiuno kuopa mame. Ndimawabereketsa dengu kumsana ngati mwana. Ndimagoneka ndodo yaitali pamwamba pa tiyi, kuti chotuluka pamwamba pa ndodo ndicho chako, chapansi nchamawa. Masamba awiri ndi kansonga, thyo, kuponya kumbuyo osacheuka. Iwo amaponya m'khosi mwawo, tonse kuseka.

Ndiye chaka china mtengo wa pageti unakwera. Amalawi pang'ono, akunja zambiri. Ine ndinkayesa akunja ndi azungu basi. Bwana manijala anatiitana nati, "Alipira zambiri awa. Mlendo asayime yekha ngakhale pang'ono. Womusiya mlendo, ntchito yatha."

Tsiku lake linali la chiperoni, kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Azungu anga alowa kale, ndikukawatengera madengu pafupi ndi geti. Yaima galimoto ya nambala za ku Mozambiki. Atsika amayi okalamba kuposa ine, ndodo m'manja, mwana wawo wamwamuna akuwagwiriziza.

Pageti panali a Nyirenda, kalaliki wathu, mtsikana waulemu wa ku Rumphi. Aona pasipoti, akuti, "Pepani agogo, inu ndi akunja. Mtengo wanu ndi uwu."

Mwana uja wapisa kale m'thumba. Amayi aja amumenya dzanja, phaa!

"Wakunja ndani? Mchombo wanga anaukwirira m'katimo, patsinde pa mkuyu wa kumtsinje. Amayi anga anandibereka dengu lili pambali. Ndinapita ku Mozambiki ndi ukwati. Ndilipire ngati mlendo kuti ndikaone mchombo wanga? Chiperoni ichi chachokera ku Mozambiki komweko, mwachifunsa pasipoti?"

Nakhala pansi, pamatope pomwepo. Akuti salowa, komanso sachoka.

A Nyirenda misozi ili pafupi. "Agogo, lamulo si langa."

Ine ndaima pomwepo, madengu m'manja. Uku azungu akudikira, uku mawu a bwana, uku munthu wobwera ulendo wonsewo abwerere osauona mkuyu wake. Pakamwa panga panangotuluka Chilomwe cha agogo anga: "Mosheliwa?" Ndiko kuti mwadzuka bwanji. Amayi aja anadzutsa mutu ngati ndawaitana dzina laubwana.

Tsono tiyi wathu sadziwa geti. Amayambira kumsewu konko, kunja. Ndinatuluka ndi dengu, ndawabereketsa, ndikuti, "Amayi, kuno nkwaulere. Tapatsani moni tiyi wanu."

Mayo ine! Ndodo yoyendera ija anaigoneka pamwamba pa tiyi osauzidwa. Manja onse awiri analowa. Ine ndatchola moyo wanga wonse, koma zoterozo sindinazionepo. Zala ngati mpheta pa mapira, thyo thyo thyo, masamba akuuluka okha kukagwa m'dengu. Munthu woyenda mogwiriziza uja waongoka! Nayamba kuyimba nyimbo yotcholera imene agogo anga ankayimba, ine ndinali nditaiwala theka lake. Ndinavomereza nyimboyo, theka loiwalika lija labwera lokha. Tsitsi linandiyima, ana anga, ndinamva ngati akufa onse a m'munda muno akutchola nafe m'chifungamo.

Pocheuka, azungu anga atuluka geti lomwe analipira, aima pamsewu, duu, ngakhale mafoni aiwala kukweza. Kumbuyo kwawo bwana manijala, ambulera m'manja.

Ndinati basi, Anamaona, nthochi zikukudikira ku Luchenza.

Bwana anayandikira, napisa dzanja m'dengu, nayang'ana masamba aja nthawi yaitali. Kenaka akuti, "A Nyirenda, mtengo uja ndi wa odzaona. Awa sanabwere kudzaona, tikuwaona ndife. Tsegulani."

Amayi aja akuti, "Ndimalize mzere kaye. Mzere sausiya pakati."

Tonse tinadikira pamvula, bwana ndi azungu omwe, mpaka mzere unatha.

Ndinawaperekeza kumkuyu. Anagwada, nagwira nthaka ndi zikhatho zonse, nalankhula motsitsa mawu. Zimenezo sindinamvere, sizinali zanga.

Mtengo wa akunja ukadalipo, ndipo sindiutsutsa, malipiro anga amachokera momwemo. Koma kuyambira tsikulo ndinasiya kuyeza mlendo ndi khungu kapena pasipoti. Ndimam'bereketsa dengu, ndiyang'ane manja. Ndipo chiperoni chikatsika ndimachilonjera m'Chilomwe, aleluya, chifukwa ndi wachibale ameneyo, wangodutsa pageti.