Nyali Zatsopano za a Mhango

Ndikakumbukira agogo anga, a NyaMsiska, fungo limene limandifikira ndi la dizilo ndi khofi wonyowa, fungo la m'pikiapu yakale ya a Mhango, bambo wokhala yekha amene tinayandikana naye ku Nchenachena. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, choncho ndinakulira pambali pa agogo, wosalankhulalankhula, wongoyang'ana. Ndipo china mwa zimene ndinkaona chinkandichititsa manyazi. A Mhango akakhala ndi ulendo woti mdima uwapeza m'njira, agogo ankasiya mbale zosatsuka, n'kumanga mpango, n'kukakhala kutsogolo m'galimotomo pafupi nawo.

Amayi a kutchalitchi ankanong'onezana ine ndikumva. "Wamasiye wa msinkhu umenewo, mpando wakutsogolo akuufuniranji?" Nditawauza agogo anangoti, "Alekeni, pakamwa ndi pawo."

A Mhango anapuma ntchito yoyendetsa galimoto za mishoni, ndipo pikiapu yawo ndi yokhayo imene inkanyamula odwala kudera kwathu. Chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi anayamba kudandaula kuti mababu a masiku ano ndi ofooka. Anasintha kawiri, osakhutira. Kenako anabwera kuchokera ku Mzuzu ndi nyali ziwiri zazikulu ngati mbale zodyera, ndipo wowotcherera zitsulo anazimangirira kutsogolo masana dzuwa lili pamutu, osaziyesa n'komwe. Madzulo anthu anasonkhana, a Mhango n'kuyatsa. Kunawala mpaka nkhuku zinadzuka.

"Tsopano ndiziona ndi nyerere yomwe," anatero monyada, anthu akuwomba m'manja.

Ine ndinaona kuti kuwala konse kunali kunsonga za mitengo ya bulugamu, pansi pali bii. Ndinatsegula pakamwa, koma agogo anandifinya phewa.

Patapita masabata awiri, mphumu inandigwira usiku. Mpweya unkangolira m'chifuwa ngati wenzulo, ndipo mankhwala amene tinali nawo sanathandize. Agogo anandikulunga m'bulangete, nandikhazika pamiyendo pawo kutsogolo kwa pikiapu, ulendo wa ku Rumphi. Aka kanali koyamba kuti ndikhale pampando uja.

Tisanapite patali agogo anayamba kulankhula chapansipansi. "Kumanzere pang'ono, adada. Basi. Wongolani. Kutsogoloku kuli dzenje." Dzanja lawo linali pamkono pa a Mhango, likukankha, likukoka. Ndinakweza maso. A Mhango anali atawerama, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, misozi ikutsika. Apo m'pamene ndinazindikira. Munthu amene ananyamula amayi oyembekezera ndi odwala a mudzi wonse sankauona msewu. Woyendetsa weniweni anali agogo, amene sanaphunzirepo galimoto.

Titadutsa pa Njakwa, pamene msewu umapanikizika pakati pa phiri ndi mtsinje wa Rukuru, kutsogolo kunatulukira lole. Nyali zathu zoloza kumwamba zija zinamuwomba dalaivala wake m'maso, iye n'kubwezera ndi magetsi ake onse, hutala ikulira.

"NyaMsiska," anatero a Mhango ndi mawu odekha ngati ali m'pemphero, "palibe chimene ndikuona."

Kumunsi madzi ankamveka kuwomba miyala. Agogo anandigwira ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira chiwongolero. "Pondani mabuleki. Pang'onopang'ono." Lole ija inadutsa ndi mphepo yake, n'kuthyola galasi lathu la m'mbali, zidutswa zake zikugwera pabulangete langa. Tinaima. Kenako agogo anati, "Zimitsani zinyali zanuzo." Ndi magetsi akale ofiirira aja agogo ankauona bwino msewu, ndipo tinayenda ngati ngolo mpaka kuchipatala.

Kutacha ndinali ndikupuma bwino. A Mhango anabwera pabedi panga chipewa chili m'manja. Agogo anatambasula dzanja osawayang'ana.

"Kiyi."

"Amama, nanga odwala..."

"Zaka zitatu ndakhala maso anu chifukwa kwathu kulibe galimoto ina. Anthu anditukwana, ndapirira. Usiku wapitawu ndikanataya mwana wa mwana wanga m'Rukuru."

Anapereka kiyi uja, agogo n'kumumangirira pakona ya chitenje. Kenako anawagwira mkono a Mhango pamaso pa aliyense mpaka kwa dokotala wa maso. Inali ng'ala, m'maso onse awiri.

Diso limodzi atalikonza, a Mhango anabwerera kumudzi. Madzulo ena anapempha agogo kuti awabwereke kiyi angoyatsa nyali zija, galimoto ili chiimire. Ataona kuwala kuli kunsonga za bulugamu, anakhala pansi padothi, dzanja lili pakamwa.

"Nonsenu munkaziona zimenezi?"

Anthu omwe aja amene anawomba m'manja anangoyang'ana pansi. A Mhango anatulutsa kiyi okha, nabwezera agogo. "Yewo chomene," anathokoza motero. Sanayendetsenso.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga. Mwezi wathawu ndinadzimva ndikuuza makaniko kuti mababu a masiku ano ndi ofooka, iye n'kunditulutsira oyera owala kwambiri. Ndinawagwira, ndipo fungo la dizilo ndi khofi lija linandifikira. Ndinawasiya patebulo pomwepo, n'kupita kukayezetsa maso kaye. Kiyi wa a Mhango, amene ndinamupeza m'kabokosi ka agogo atamwalira, amalendewera pamodzi ndi wanga.