Matayala anga akhoza mayeso katatu

Lachiwiri m'mawa ndinapeza galimoto yanga itakhala pa njerwa, matayala awiri akutsogolo palibe. Ndisanakuwe kuti wakuba, a Chimphonda, amuna a mlongo wanga, anatulukira kuseri kwa nyumba akupukuta girisi m'manja.

"Musadandaule alamu, ndangobwereka. COF yanga yatha, ndiye ndikuthamangira ku Nathenje akayeze galimoto yanga. Pofika madzulo abwera."

Kwa inu amene mulibe galimoto, COF ndi kapepala komata pagalasi, kochitira umboni kuti galimoto yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Matayala a alamu angawo ndi osalala ngati mbale, mawaya akusuzumira kunja. Woyeza sangawalole. Ndiye mankhwala ake ndi kubwereka.

Ndinakwiya, koma ndinawasiya apite, chifukwa chaka chatha inenso ndinabwereka chozimitsira moto kwa iwo omwewo. Kuno ku Mitundu ndi mmene timachitira. Matayala angawa akhoza mayeso katatu chaka chino, pa galimoto zitatu zosiyana. Akanakhala mwana, bwenzi pano ali ku yunivesite.

Timapita koyezetsa galimoto ngati ku chinkhoswe: jekete yobwereka, nsapato zobwereka. Koma tikupusitsa ndani? Woyezayo? Iye akadinda pepala, basi wathana nazo. Sakwera nawo galimotoyo.

Madzulo matayala anga anabweradi. Alamu anabwezeretsa osalala aja pamalo pake, kapepala katsopano kakuwala pagalasi.

Lachisanu kunagwa mvula. Ndili chiimire pakhonde la golosale, ndinaona galimoto ya alamu ija ikutsetsereka pamatope, ikuyenda cham'mbali, mpaka kukaima mphuno ili m'ngalande. Pampando wakumbuyo panali mlongo wanga, atakumbatira khanda lake la miyezi itatu. Ankachokera kusikelo.

Palibe anavulala. Alamu anatsika akuseka, n'kuloza galasi.

"Osaopa alamu, mapepala onse ali bwinobwino."

Sindinaseke nawo. Mkwiyo wanga sunali wa iwo okha. Matayala amene anakhoza mayeso aja anali kunyumba kwanga, pa galimoto yongoima pansi pa mtengo wa mango.

Chaka chamawa alamu akadzabweranso ndi jeke kudzachotsa matayala anga, ndidzakana, andinene kuti ndine woumira. Nanga inu, matayala anu anakhozera galimoto ya ndani, ndipo lero akukwera m'menemo ndi ndani?