Dzino la mwana wanga ndi madzi achikasu m'kabotolo

Ena muti ndikuwonjezela mchele, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, zaka zapitazo tikukhala kumudzi chakufupi ndi Nyimba. Mwana wanga wamwamuna dzino linayamba kugwedezeka, ine n'kulizula ndi ulusi monga timachitila tonse, koma magazi anatuluka tsiku lonse, kutacha chimodzimodzi, chitenje kufiila, milomo ya mwana kuyela. Mantha anandigwila zedi, chifukwa alongo anga awili anamwalila ali ana ndi timabala tosaoneka n'komwe.

Apongozi anga, amai awo a amuna anga, anafika ndi lezala, akuti kumtundu kumene ine ndinachokela kuli tsoka, mwana atemedwe mphini kuti magazi aleke. Inu anzanga, munthu akutha magazi, ndiye mumuchekenso? Ine pakamwa sindichedwa, ndinawauza kuti ngati dzanja likuwayabwa ayambe kutema ine, ndipo ndinabeleka mwana, wamkulu choncho, mpaka kumseu kukakwela basi ya ku Petauke.

Kuchipatala anamuwonjezela magazi, atatengako ake pang'ono m'kabotolo. Podikila ndinasuzumila m'chipinda choyezela, n'kuona kabotolo kaja akukatulutsa m'makina ozungulitsa, pansi pofiila, pamwamba madzi achikasu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulila ngati pamalilo, poganiza kuti magazi a mwana wanga asanduka madzi, apongozi ananena zoona. Mai woyeza magazi sanandiseke. Anati magazi a munthu aliyense, ngakhale ake, akazungulitsidwa amalekana choncho, ndipo m'madzi achikasuwo muli kanthu kamene kamaundanitsa magazi pabala, nanga akatumiza kwa ofufuza ku Lusaka si ndiye aona ngati kakupelewela. Yankho litabwela, kanapezeka kopeleweladi, akuti vutoli limadzela mwa ife amai n'kugwila ana aamuna. Ofufuzawo atapempha magazi a abale, ndinayenda khomo ndi khomo kwa azing'ono anga, ena akunditukwana kuti ndikugulitsa magazi, mpaka ana awo onse anayezedwa.

Lelo ndimakhulupilila kuti panalibe wotilodza, ndi mmene magazi athu alili basi. Mwana akatuluka magazi osaleka, bisani lezala, thamangani naye kuchipatala, wokwiya akwiye. Apongozi anga sanandilankhule chaka chathunthu, koma amene akuwalimila munda panopa ndi mdzukulu wawo yemweyo.